Mvunguti wa Bambo Anu

Fatima, tazimitsa kaye kafoni kakoko. Nawenso Yohane tseka pakamwapo, ntchentche zingalowe. Mwawaseka amayi anu mpaka adzuka pamphasa, ati akukaona nkhuku kuseri. Nkhuku zake ziti? Zonse si izi zikutola madeya pamapazi angapa? Apita kukapukuta m'maso amenewo. Inu mwati, "Amayi kulira filimu! Anthu akewo ngongosewera, safa zenizeni." Mukuyesa kuti sadziwa? Amadziwa kuposa inu. Khalani pansi apa. Nkhani iyi ndinkati ndidzakuuzani mukadzakula, koma munthu wotha kuseka mayi ake ndiye kuti wakula.

Ine kanema ndinayamba kumuona ndili kamtsikana kwathu kwa Katunga. Kunkabwera galimoto ya chimkuzamawu pamwamba, kulengeza m'misewu monse, kenako n'kumanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri pabwalo la sukulu. Musaganize kuti ankationetsa zachikondi zanuzi. Ankationetsa kapoperedwe ka thonje. Munthu atabereka chopopera kumsana, akuyenda m'mizere, basi. Koma panali pena pamene ankaonetsa mbozi ikudya tsamba, itakula pachinsalu paja ngati ng'ombe, ndipo azakhali anga anataya mpando n'kuliyatsa liwiro. Ife tinkapitira mbozi imeneyo. Tinkanyamula nyika zophika, mizu ija timazula m'madzi a m'dambo, m'kansalu, kumadya uku tikudikira kuti mbozi ifike. Inu nyika mumazitcha chakudya cha njala, mukaziona mumakwinya mphuno, chonsecho ndi zimene zinakuza miyendo imene inabereka bambo anu. Pa kanema ameneyo palibe ankalira. Ndikadauzidwa nthawi imeneyo kuti tsiku lina ndidzalipira pakhomo kuti ndikalire, ndikadaseka kuposa m'mene mwasekera inumu.

Agogo anu aamuna awo, a Zuze, amene akunamizira kusoka ukonde pansi pa mtengopo koma makutu ali kuno, ndinakumana nawo kuno ku Bangula. Ndinabwera ndi azakhali omwe aja kudzagula milamba youma. Iwo anali atangofika kumene kuchokera kwawo ku Mozambiki, kuthawa nkhondo, miyendo ili ming'alu yokhayokha. Ankathandiza anthu kuwamba nsomba. Ndinawafunsa mtengo wa mlamba, iwo n'kundiyankha m'Chisena chothamanga, ine osamva kanthu, ndinangoseka. Iwo anayesa ndawakonda. Mpaka lero amati ndinayamba ndine. Asiyeni, ukalamba umafuna pogwira.

Tinakwatirana, tinabereka bambo anu, Luwizhi, mwana mmodzi yekha amene Mulungu anatisiyira. Nkhondo itatha kwawo kuja, agogo anu anati akaone amayi awo. Anapita atavala malaya atsopano, atanyamula mchere, sopo ndi chitenje cha mayi. Anabwerako chitenje chija chili chipindire m'thumba.

Apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mtengo wa mvunguti mumaudziwa, uja wa zipatso zazitali zolendewera ngati minsi, umene timakuletsani kukhala pansi pake kuopa kuti chingakugwereni pamutu. Anyamata amaudziwa pa zifukwa zina, zimenezo sindinena, Yohane usandiyang'ane choncho. Kwathu kuno munthu akafera kutali, kapena akapita ndi madzi, kapena akagwidwa ndi ng'ona thupi osapezeka, abale amathyola chipatso cha mvunguti, kuchikulunga m'nsalu, n'kuchiika m'manda m'malo mwa munthuyo. Ena amaika thunthu la nthochi. Akatero anthu amalira, amameta, wamasiye amasudzulidwa, moyo n'kupitirira.

Agogo anu atafika kwawo, mlongo wawo anali pamtondo akusinja. Atawaona anataya munsi n'kuthawa akukuwa kuti waona mzukwa. Anthu anatseka zitseko. Amene analimba mtima anayamba wawawaza phulusa asanawagwire dzanja. Kenako anawatenga kukawaonetsa manda awiri oyandikana. Ena anali a mayi awo. Enawo anali awo, a Zuze, ndipo pamwamba pake panali mbale yawo yomwe ankadyera ali mnyamata. Anali atawakwirira mvunguti iwo ali moyo, akuwamba milamba ku Bangula. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha, sanaibwerezenso, ndipo kwawoko sanapitekonso.

Bambo anu anakula ndi madzi. Anali wamtali, Yohane watengera iwo miyendoyo. Ankaolotsa anthu pa bwato kupita kutsidya, amayi a madimba ndi mitolo yawo ya mbatata, anyamata ndi njinga zawo, nthawi zina mpaka mbuzi. Anakwatira amayi anu, a Marita, kuchokera ku Ngabu, ndipo tinalowola bwinobwino mwa mwambo wa agogo anu. Iwe Fatima unali utayamba kuyankhula, iwe Yohane unali kubere, pamene kunabwera madzi aakulu aja. Chakudza sichiimba ng'oma. Kunacha tsidya lonse lili nyanja, anthu ali m'mitengo ndi pamadenga. Bambo anu anatenga bwato. Anatuta anthu tsiku lonse, kupita n'kubwera, osadya. Dzuwa litapendeka anati kwatsala banja lina pa chulu, apite komaliza. Banjalo linapulumutsidwa ndi ena m'mawa mwake. Bambo anu sanafikeko, ndipo kuno sanabwerere.

Madzi ataphwera, bwato linapezeka m'mabango litagadabuka. Nkhafi inapezeka kwina. Munthu ayi.

Patapita masabata, akuluakulu a m'mudzi ndi a kutchalitchi anabwera. Anakhala pakhonde pomwe pano, n'kuyamba mozungulira monga achitira akulu, mpaka mmodzi anatchula mawu aja, mvunguti. Agogo anu anaimirira.

"Nkhabe," anakana m'Chisena chawo.

"A Zuze, madzi akatayika saoleka. Lolani anthu alire."

"Alire yani? Mwamuona ndi maso anu? Inenso anandilira. Ndili pano ndine mzukwa? Pakhomo panga pano wina asadzagwetse msozi. Kulira munthu wamoyo n'kumuitanira imfa."

Ndipo linakhala lamulo. Ana inu, ndikuuzeni zoona, agogo anu si munthu wankhanza. Sanandikwezerepo dzanja chikwatirane. Koma pa ichi anauma ngati mtengo wa tsanya. M'mawa uliwonse ankakwera njinga kupita kudooko, kukafunsa aliyense wotsika m'bwato ngati anamva za mnyamata wamtali amene mwina anakokoloka mpaka ku Mozambiki, mwina ali m'chipatala china, mwina mutu unasokonekera. Ndani akadawauza kuti n'zosatheka? Iwo omwe anali umboni woti zimatheka.

Tsono ife akazi awiri tikalirire kuti? Kumjigo kuli maso. Kumunda tinkalima nawo mzere umodzi. Kutchalitchi ankakhala mbali ya abambo koma khosi litapotokera kwa ife. Ine ndinayamba kuphikira nkhuni zaziwisi dala, kuti utsi undiimire pa mlandu. Koma msozi wa utsi sutsitsa mtima, umangowawitsa maso. Amayi anu ndiwo anandiopsa. Anasiya kudya. Ankakhala pamphasa iwe Yohane uli pabere, maso ali kukhoma, bere lopanda kanthu. Tinayamba kukumwetsa phala la mapira nthawi yake isanakwane. Mikono yawo inatsala ngati bango. Sanali mkazi wapabanja, sanali wamasiye. Akapita pagulu anthu sankadziwa kuti awapatse moni wotani.

Chaka chitatembenuka, alongo awiri a amayi anu anabwera kuchokera ku Ngabu pa kabaza. Anthu aulemu, sanakweze mawu. Wamkuluyo anati, "Bambo, tiuzeni, mlongo wathuyu ndi ndani pano? Ngati mwamuna wake ali moyo, tionetseni. Ngati anapita, mumulire, mumumasule. Tikukupatsani mpaka thonje litagulitsidwa. Zikakhala chomwechi tidzamutenga, asatifere m'manja mwanu."

Agogo anu anati ana ndi a pano, tinalowola. Alongowo anati khanda silisiyana ndi mayi wake. Mukuona pamene zinafika? Mwina amayi anu apite inu mutsale opanda mayi, mwina mupite nawo ife titsale opanda mwana, opandanso adzukulu. Ine ndinakhala apo ndikumvetsera, ndipo mumtima ndinati zonse ziwirizi sizichitika ine ndili moyo. Madzi anditengera mmodzi, ena awa sindipereka.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa nsomba mumsika, ndipo benchi langa linayandikana ndi vidiyo ya a Kampira. Inu za vidiyo simukuzidziwa bwino, mumaonera m'manja ngati mukuwerenga matenda. Chinali chinyumba cha malata, mazenera otseka ndi masaka kuti mukhale mdima masanasana, mabenchi a matabwa ogwedera, jenereta ikulira kuseri. Kutentha kwa Bangula mukukudziwa, tsono muonjezere malata ndi anthu odzaza. Munthu ankatulukamo ngati wavuulidwa mu Shire. Panja a Kampira anapachika chimkuzamawu, choncho ine mafilimu ndinkawamva ndi makutu tsiku lonse, nkhonya, mfuti, ndi mnyamata womasulira uja amene ankapatsa Amwenye ndi Matchaina mayina a kwathu konkuno.

Masana ena anaika filimu ya Amwenye, ya nyimbo zolira zija. Itatha ndinaona amayi angapo akutuluka maso ali psuu, ena akufwenthera m'chitenje. Anadutsa mumsika monse choncho. Palibe anawafunsa kuti kwagwanji. Wina anangoti, "Inali yachisoni eti?" Iwo n'kuti, "Musanene." Basi, nkhani yathera pomwepo.

Ndinasiya kuingitsa ntchentche pansomba. Ndinati kani pa Bangula pano pali nyumba imene munthu amaloledwa kulira osafunsidwa?

M'mawa mwake ndinauza amayi anu kuti andithandize kusenza dengu. Titafika ndinasiyira mnzanga benchi, n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, kuvidiyo ine? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati apongozi ake apenga. Tiye, mwananga."

Ndinafunsa a Kampira kuti yachisoni iyamba nthawi yanji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa makasitomala awo ambiri anali ana othawa sukulu ndi anyamata a kabaza, koma anatilowetsa. Tinakhala benchi lakumbuyo, pakona. Nyimbo itangoyamba, ndinafunda chitenje kumutu, n'kuwafunditsanso amayi anu. Ndinawanong'oneza kuti, "Lira. Muno mulibe lamulo."

Poyamba anangoweramitsa mutu. Kenako zinatuluka. Ana inu, ine ndaona maliro ambiri, koma kulira kwa tsiku limenelo sindidzakuiwala. Tinalira mopanda mawu, mano ataluma nsalu, mapewa okha akugwedezeka. Amene anali pafupi ankayesa ndi filimu. Mayi wina anandisisita pamsana n'kunena kuti, "Limbani mtima agogo, kumapeto akumana."

Titafika kunyumba agogo anu anatiyang'ana m'maso.

"Maso afiira ndi chiyani?"

"Filimu, bambo a Luwizhi. Amwenye aja amazunzana zedi."

Anapukusa mutu. "Akazi akuluakulu kulira zithunzi." Koma analetsa kulira mwana wawo, sanaletse kulira Amwenye, ndiye akadanena chiyani? Tsiku limenelo amayi anu anadya, mpaka anapempha ndiwo zoonjezera.

Kuyambira pamenepo tinakhala anthu a a Kampira. Akationa tikubwera ankasintha okha chimbale. Anyamata okonda zankhonya ankadandaula kuti, "Aa, abwera agogo a misozi aja." Tinalirira mafilimu a Amwenye, a ku Nigeria, ena sindidziwa n'komwe kuti anali a mtundu wanji. Anzanga a mumsika akandifunsa kuti inatha bwanji, ndinkangoti, "Mukaone nokha, ndingakuonongereni." Ndikadanena chiyani, poti chiyambire sindinayang'anepo pagalasi paja? Chimene ndinkaona ine ndi maluwa a chitenje changa, mkati mwake.

Amayi anu anayamba kubwerera m'thupi. Koma ine ndinkadziwa kuti uku n'kuphimba chilonda ndi nsanza. Thonje linali litayamba kuyera m'minda. Magalimoto ogula anayamba kuoneka pamsewu wa ku Ngabu. Ndinatuma mkulu wa mpingo, anabwezedwa. Ndinatuma mnzawo wa agogo anu amene anathawa naye nkhondo limodzi, anabwezedwa. Ndinayankhula ndekha, mofatsa, mokalipa, mogwada, yankho linali lomwe lija, nkhabe. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono yanga ine inali itatseka pakhomo ndi dothi, ndipo nthawi inali kutha.

Ndiye ndinaganiza kuti munthu amene wakana kumva ndi makutu, aone ndi maso.

Tsiku limenelo ndinadzuka ndikutsimphina. Ndinati, "Bambo a Luwizhi, bondo langa latupa. Popita ndiyesetsa, koma pobwera mudzanditenge pa njinga. Mukandipeza kwa a Kampira dzuwa likapendeka. Mudzalowe ndithu mudzandidzutse, pandekha sinditha." Anang'ung'udza, koma ndinadziwa kuti abwera. Pa zimenezo sanandikhumudwitsepo.

Kwa a Kampira ndinapita ndekha poyamba.

"Lero musatiikire yachisoni. Muike yoseketsa, yoseketsa kwambiri imene muli nayo."

"Agogo, mwatopa nako kulira?"

"Ikani basi. Ndipo chilichonse chichitike, musatitulutse."

Anaika ya bambo wina wonenepa amene anaba mbuzi pa ukwati n'kuibisa m'galimoto ya mkwati. Imeneyo ndiye ndinaionako pang'ono, chifukwa ndinkayang'anira pakhomo. M'nyumba monse munali phwete. Ana ankagwa m'mabenchi. Amayi anu anandiyang'ana modabwa.

"Amayi, lero alakwitsa chimbale."

"Sanalakwitse. Lero timutchula dzina."

Anandigwira mkono mwamphamvu. "Abambo akamva?"

"Ndi amene tikuwadikira."

Posakhalitsa chinsalu cha pakhomo chinakankhidwa, kuwala kunalowa, ana onse n'kukuwa, "Tsekani! Tsekani!" Agogo anu, munthu amene sanalowepo m'vidiyo chibadwire, anachita mantha ndi ana aja n'kukhala msangamsanga kumapeto kwa benchi, chipewa chawo choyera chija chikuoneka mumdima. Maso awo anali asanazolowere, ankatifunafuna.

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawachititsepo manyazi pagulu. Koma ndinakumbukira mikono ya amayi anu, ndinakumbukira inu awiri, ndipo chitenje sindinafunde. Ndinakhala tsonga, n'kutsegula pakamwa, n'kubuma monga tibumira pa siwa.

"Luwizhi mwana wanga ine! Mayo ine! Wandisiya ndi yani, Luwizhi!"

Amayi anu anagwa pamiyendo panga n'kulandira. Anaitana mwamuna wawo ndi dzina, koyamba chichokereni pa bwato paja.

Kuseka kunazima benchi ndi benchi, kuyambira kumbuyo kupita kutsogolo. Mwana wina anati, "Agogowa apenga, filimu yoseketsa iyi." Wamkulu wina anamutseka pakamwa. A Kampira anatsitsa mawu mpaka zii, pagalasi n'kungotsala bambo wonenepa uja akuthamangitsana ndi mbuzi yake mopanda phokoso. Chimkuzamawu cha panja chitakhala chete, kulira kwathu kunamveka mumsika. Anzanga a nsomba anamva dzina lija. Onse ankamudziwa Luwizhi, ambiri anawaolotsapo, ena ndi omwe anawatsitsa m'mitengo tsiku la madzi lija. Anasiya mabenchi awo n'kulowa. Maliro n'kulirana. M'kanthawi kochepa nyumba ya vidiyo inasanduka siwa, ndipo a Kampira anachotsa okha masaka m'mazenera.

Kutawala ndinawaona agogo anu. Anali atavula chipewa, akuchipinda m'manja. Anayang'ana pagalasi, n'kuyang'ana ife, n'kuyang'ananso pagalasi. Anadzuka n'kubwera pamene tinakhala. Anthu anawapatukira.

"Mayi a Luwizhi, filimu iyi njoseketsa."

"Eya, njoseketsa."

"Nanga zina zija? Za Amwenye?"

"Sitinaonepo ngakhale imodzi. Afunseni a Kampira ngati tikudziwa m'mene zimathera. Miyezi yonseyi takhala tikulipira pakhomo kuti tilire mwana wanu pakati pa ana a eni, ngati alibe kwawo."

Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati mwana.

"Nanga akabwera?"

Funso limenelo ndinali nditaliyembekezera, ndipo yankho lake ndinali nditalisinja ndi kulipeta masiku ambiri.

"Akabwera adzapeza mkazi wake ali moyo, ana ake ali pakhomo pake. Tikapitiriza chonchi adzapeza bwinja. Bambo a Luwizhi, chimene chinakupwetekani kwanu kuja si mvunguti. Amayi anu akadapanda kukulirani akadafa ndi chotupa mumtima. Chinakupwetekani n'choti mlongo wanu anathawa. Ine ndikulumbira pamaso pa anthu onsewa, Luwizhi akadzatulukira pakhomo paja, kaya masana kaya m'bandakucha, sindidzathawa. Sindidzamuwaza phulusa. Ndidzamugwira ndi manja awa n'kumufunsa ngati wadya."

Anavala chipewa n'kutuluka. Ine ndinati kaya ndaphula, kaya ndapsereza. Tinawatsatira. Za bondo lotupa zija ndinali nditaiwala, ndinkayenda bwinobwino, iwonso sanafunse. Anakankha njinga osakwera, ife pambuyo.

Mukudziwa mvunguti uja uli pokhotera kubwera kuno, pafupi ndi mjigo wakale. Titafika pamenepo anaima. Anatsamiritsa njinga. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, akuzungulira mtengo. Bambo wina wa nyumba yapafupi anaona, anamvetsa, anabwera ndi nsungwi yomangirira chikwakwa, n'kuloza chipatso chimene chinali pafupi.

Agogo anu anapukusa mutu. "Icho ayi, n'chachifupi. Mwana wanga anali wamtali."

Anasankha okha, chachitali kuposa zonse, ndipo anakana kuti chigwe pansi. Bambo uja anadula, iwo anachilandira m'manja. Ndinavula chitenje changa chakunja, chomwe chija cha maluwa, n'kuwapatsa. Anachikulunga bwinobwino. Pakaliyala sanachiike. Anachinyamula pachifuwa monga ankamunyamulira Luwizhi popita naye kusikelo, ndipo njinga anakankha ndi amayi anu.

Titafika pamtengo pamene akhalapo apo, anatembenuka n'kutiyang'ana.

"Tendeni," anatiitana m'Chisena chawo. "Tikalirire m'nyumba."

Ndipo amene anayamba ndi iwo. Ine ndinali ndisanamvepo mawu a kulira kwawo, sindinkadziwa kuti amamveka bwanji. Analira mwana wawo, ndipo ndikukhulupirira kuti analiranso mayi awo, ndi mnyamata uja anamusiya m'manda kwawo ali moyo.

Maliro anachitika onse bwinobwino. Anthu anachokera kutsidya pa mabwato, a Kampira anatseka vidiyo tsiku limenelo n'kubwereketsa mabenchi awo. Alongo a amayi anu anabwera kuchokera ku Ngabu, osati kudzatenga munthu koma kudzakhuza. Kumanda, dothi lisanathiridwe, agogo anu anagwada n'kunena mawu amene anthu amawakumbukirabe. Anati, "Luwizhi, ngati uli kwina ukumva, usakwiye ndi amako, usakwiye ndi mkazi wako. Wathyola ndine. Ukabwera udzafikire kwa ine." Mbale yake anakana kuti iikidwe pamanda. Ndi ija ili pamwamba pa kabati, imene ndimakukalipirani mukaigwira.

Tinameta. Amayi anu anamasulidwa, anauzidwa kuti ali ndi ufulu wopita kulikonse. Iwo anati apita akaone abale, abwera. Anapitadi, anakhalako sabata, anabwera ndi thumba la mapira pamutu, ndipo ndi awo ali kuseriko akuona nkhuku zomwe zili kuno.

Agogo anu mpaka lero nthawi zina amakwera njinga m'mawa kulowera kudooko. Amati akukaona mitengo ya nsomba. Ine sindiwaletsa, ndipo inunso musadzawafunse. Munthu aliyense ali ndi vidiyo yake.

Tsono Fatima, dzuka. Pita kuseriko ukawatenge amayi ako, uwagwire dzanja, usanene zambiri. Iwe Yohane bweza filimuyo pomwe anadzukira paja, ndipo ukweze mawu kuti a ukonde awo asavutike kutchera khutu. Akalira, alire, wina asatsokomole n'komwe. Kwa a Kampira analowa miyezi yonse ija osaona mathero a filimu ngakhale imodzi. Iyi akuionera maso ali otsegula, ndiye muwasiye aone m'mene ithere.